Tenti yogona wekha kuphiri

Pogula tenti ya munthu mmodzi musangoyang'ana kupepuka kokha. Yosapitirira makilogalamu awiri ili bwino, koma ikhale ya nsalu ziwiri: yamkati ya neti ndi yakunja yotchinga mvula. Ya nsalu imodzi imapepukadi, koma pa Mulanje chiperoni chikagwa, mpweya wanu womwe umasanduka madontho mkatimo, n'kudzuka zofunda zitanyowa. Ine imeneyo ayi.

Chinanso, kumtunda kuja malo ambiri ndi athanthwe, chikhomo sichilowa. Sankhani yoima yokha ndi timitengo take, zingwe muzimangirira kumiyala.

Musanalipire, lowanimo mugone mowongoka, muone ngati chikwama chikupeza malo pakhomo. Mukafika nayo kunyumba, yesani kuimanga pabwalo kawiri katatu, musakaphunzirire kuphiri kutada, mphepo ikuwomba.