Malangizo a kasitomu kwa ocokela ku Zambia kupita ku New Zealand

Musanafike ku New Zealand, lembani fomu ya boma yochedwa New Zealand Traveller Declaration. Aliyense afunika kukhala ndi yake, ngakhale mwana wa kumsana, ndipo ndi yaulele. Mungailembe pa intaneti kapena pa foni, ndipo imayamba kulandilidwa kukatsala maola 24 kuti munyamuke. Amene foni imawavuta adzapeza fomu ya pepala pa bwalo la ndeke.

Funso lofunika kwambili pa fomuyi ndi la zakudya, zomela ndi zocokela ku nyama. Apa ndiye pamene anthu akwathu amagwila m'mavuto, cifukwa ife sitipita kwa abale cimanjamanja. Kapenta, vinkubala, cikanda, nshawa, nyemba, ndiwo zamasamba zofutsa, unga wa nsima, zonsezi zichuleni, ngakhale mwangotenga kapaketi kamodzi kamene amayi anakankhila pakona ya cikwama usiku wonyamuka. Kuchula cinthu sikutanthauza kuti akulandani. Ofisala wa Biosecurity New Zealand, nthambi ya boma yoteteza dzikolo ku matenda ndi tizilombo, adzaciyang'ana, ndipo ngati n'cololedwa adzakubwezelani. Ngati n'cosaloledwa adzacitenga popanda mlandu. Koma akacipeza musanacichule, faindi yake imayambila pa madola 400 a ku New Zealand (NZ$400), ndipo kunena kuti munaiwala sikukupulumutsani. Wobisa dala angazengedwe mlandu kukhoti.

Pali zina zimene ndi bwino kungozisiya kunyumba: uci, zipatso zaziwisi, ndi nyama youmika monga biltong. Uci wa kwathu ndi wabwino, n'zoona, koma ungabweletse matenda a njuci amene kulibe kumeneko. Dziko la New Zealand limadalila kwambili ng'ombe za mkaka, nkhosa ndi zipatso, ndipo silinagwepo matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi, amene alimi a ng'ombe ku Zambia amawadziwa bwino. Mu 2019 nchenche yoononga zipatso yocokela ku Queensland, ku Australia, itapezeka mu Auckland, anthu a m'madela ena a mzindawo analetsedwa kutulutsa zipatso kwa miyezi ingapo. N'cifukwa cake ngakhale apulo amene anakupatsani m'ndeke musatuluke naye. Mudyeni musanatsike, kapena mutayeni m'mabini amene amaikidwa musanafike poyendela katundu. Agalu onunkhiza amayenda pakati pa anthu, ndipo zikwama zimadutsa pa makina a X-ray.

Chulaninso zosemasema za mtengo, mphasa, madengu, nthenga, ndi ng'oma za cikumba monga zogula ku Kabwata. Za minyanga ya njovu sizilowa popanda cilolezo ca CITES, pangano la maiko loteteza nyama ndi zomela zimene zili pangozi yakutha. Nsapato zimene munayenda nazo kumunda, m'khola kapena m'thengo, zitsukeni mpaka dothi lonse licoke kunsi kwake, ndipo muzichulebe pa fomu. Tenti ndi zowedzela nsomba n'cimodzimodzi.

Mankhwala a kucipatala akhale m'mabokosi awo, pamodzi ndi kalata ya dotolo. Mungatenge okwana miyezi 3, koma mankhwala amphamvu oyang'anilidwa mwapadela ndi lamulo ndi a mwezi umodzi cabe. Mizu ndi makungwa a mankhwala acikuda ndi zomela, conco zichuleni.

Munthu wa zaka 17 kapena kuposelapo angalowe popanda kulipila msonkho ndi ndudu 50 kapena magalamu 50 a fodya, malita 4.5 a vinyo kapena mowa wa m'mabotolo, ndi mabotolo 3 a mowa waukali osapitilila malita 1.125 lililonse. Katundu wina watsopano ndi mphatso zisapitilile NZ$700 zonse pamodzi. Ndalama zilibe malile, koma zikafika NZ$10,000, kapena ndalama za dziko lina zolingana nazo, muzichule pa fomu.

Ngati wina wakupatsilani phukusi la m'bale wake, litseguleni muone zimene zilimo musanacoke ku Lusaka, cifukwa wofunsidwa pa kasitomu ndi inu amene mwalinyamula.