Kulumikiza fakisi ndi foni pa laini imodzi ya m'nyumba

Laini ndi imodzi koma mukufuna foni ndi fakisi zisamalimbirane. Pezani kabokosi kotchedwa fax switch ndi adaputala yake yamagetsi, mawaya atatu a foni otchedwa RJ11, komanso filita (kachipangizo kolekanitsa foni ndi intaneti) ngati intaneti yanu ndi ya ADSL, yodzera pa laini ya foni yomweyo.

1. Zulani chilichonse chomwe chili pa soketi ya foni yapakhoma. Ngati pali ADSL yambani mwaika filita.

2. Waya wochokera kukhoma ulowe pomwe palembedwa LINE pa kabokosika.

3. Foni ipite pa TEL, fakisi pa FAX. Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa: kumbuyo kwa mashini a fakisi kumakhala mabowo awiri ofanana, lowetsani pa LINE osati pa EXT, apo ayi fakisi sidzalowa olo imodzi.

4. Yatsani kabokosi, fakisi muyitchere kuti iziyankha yokha ikangolira kamodzi.

5. Yesani. Wina akuimbireni, kenako atumize fakisi. Kabokosika kamayankha msanga nkumvetsera kaye, kakamva kulira kuja kwa 1100 Hz komwe fakisi yotumiza imatulutsa pakangodutsa masekondi atatu alionse kamapititsa ku fakisi, kakapanda kumva ndiye foni imalira.

Mafoni ena onse adutsire pa kabokosi komweko, musawasiye pa masoketi ena. Mukanyamula foni nkumva kulira kwa fakisi musadule, dinani kodi yosamutsira ku fakisi, ili m'kabuku ka kabokosiko poti imasiyana. Ndipo ine ndingati magetsi akathima kumbukirani kuyesanso akabwera.