Momwe mungawerengere nthawi ya ulendo wa ku Paris kuchokera ku London

Kuchoka ku London kukafika ku Paris ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 345 mukauyeza molunjika mumlengalenga. Ndege imauluka mtundawu osakwanitsa n'komwe ola limodzi, koma amene amakonza tsiku lake potengera ola limeneli ndi amene amakafika msonkhano utatha.

Yambani ndi kuwerenga tikiti bwinobwino. Nthawi iliyonse yolembedwa pa tikiti ndi ya mzinda umene yatchulidwawo, ndipo wotchi ya ku Paris ili patsogolo ndi ola limodzi. Tikiti ikanena kuti munyamuka pa bwalo la ndege la Heathrow ku London 9:00 n'kukatera pa bwalo la Charles de Gaulle ku Paris 11:20, ulendowo ndi wa ola limodzi ndi mphindi 20. Pobwerera zimatembenuka: kunyamuka 14:00, kufika 14:20, koma ulendo ndi womwewo. Mphindi zoonjezera pa nthawi youluka zija ndi zimene ndege imayenda pansi ndi kudikira pamzere kuti ipatsidwe mpata wonyamuka, ndipo pa Heathrow mzerewu umatalika ndithu.

Kenaka tengani pepala muwonkhetse za pansi, chifukwa apa ndi pamene nthawi imathera. Kuchoka pakati pa London kupita ku Heathrow pa sitima ya Piccadilly ndi mphindi pafupifupi 50. Sitima ya Heathrow Express imatenga mphindi 15 kuchokera pa siteshoni ya Paddington, kungoti njodula. Pabwalo la ndege fikani kudakali maola awiri. Mukatera, ikani mphindi 45 za kuonetsa pasipoti ndi kudikira chikwama, ndiponso mphindi 35 pa sitima ya RER B kukafika pa siteshoni ya Gare du Nord mkati mwa Paris. Zonse pamodzi ndi ulendo wa pandege uja, mukakwera Piccadilly, zikukwana maola asanu ndi theka.

Chiwerengero chimenechi chiyerekezeni ndi cha Eurostar, sitima yodutsa mu ngalande ya makilomita 50 ya pansi pa nyanja imene inatsegulidwa mu 1994. Imachoka pa siteshoni ya St Pancras ku London n'kukaima pa Gare du Nord pomwepo patatha maola awiri ndi mphindi pafupifupi 20. Mufike ola limodzi kapena kuposerapo isananyamuke, popeza zipata amatseka kutatsala mphindi 30, ndipo apolisi a ku France amaona pasipoti yanu mudakali ku London. Ku Paris mumangotsika n'kutuluka panja. Maola atatu ndi theka akwana. Kwa munthu amene ali kale mkati mwa London, sitima ndiyo yachangu. Ndege imathandiza mukakhala kuti mwangotera pa Heathrow kuchokera kwina, kapena mukukakwera ndege ina pa Charles de Gaulle.

Chimene chimapweteka anthu ambiri ndi mapepala. Britain sili m'gulu la mayiko a Schengen (mayiko a ku Ulaya, kuphatikizapo France, amene amagwiritsa ntchito viza imodzi), choncho viza kapena chilolezo chokhalira ku Britain sichikulowetsani ku France. Wa pasipoti ya Malawi ayenera kukhala ndi viza ya Schengen asanagule tikiti yosabwezedwa ndalama, apo ayi adzamubweza pachipata, kaya pa Heathrow kaya pa St Pancras.

Onetsetsaninso dzina la bwalo pa tikiti. Ndege zina zotchipa zimanyamukira pa Gatwick kapena Luton, ndipo zina zimatera pa Orly, kumwera kwa Paris, kotero masamu a pansi aja muwachitenso mogwirizana ndi bwalo lanulo.