Mukagulitsa kachewere, yambani mwapatula chakudya ndi feteleza

Alimi anzanga a ku Tsangano, Lizulu ndi Bembeke, ndalama ya kachewere ndi nyemba imalowa m'nyumba kamodzi kapena kawiri pachaka, koma masiku ano imatuluka tsiku ndi tsiku. Mabanja ambiri akugwera pamenepa.

Pomwe kwacha imayamba mu 1971, makolo athu ankagula zinthu zowerengeka: mchere, sopo, palafini, nsalu, kenako msonkho ndi fizi ya ana. Chimanga ankasinja mumtondo, mbewu ankasankha pa zokolola zawo zomwe. Fizi ya ku pulayimale inatha mu 1994, koma m'malo mwake munabwera kuchigayo, mayunitsi, kutchajitsa foni, kabaza, mafuta ophikira ndi mbewu ya haibulidi yogula chaka ndi chaka. Chilichonse pachokha n'chaching'ono, koma mukawonkhetsa miyezi ingapo mupeza kuti thumba la feteleza lapita. Ndalama ikakhala pa Airtel Money kapena Mpamba imachoka ngakhale usiku, munthu ali chigonere pamphasa.

Tsono musanaitane venda, khalani pansi bambo ndi mayi, awiri nonse. Mayi ndiwo amadziwa kuti thumba limodzi la chimanga limatha masabata angati pakhomopo. Werengerani matumba okufikitsani pa zokolola zina, muwathire mankhwala kapena muwasunge m'matumba a PICS, aja osalowa mpweya omwe safuna mankhwala, ndipo amenewo asakhudzidwe. Zimandiwawa kuona banja likugulitsa chimanga motchipa mu Meyi, n'kudzachigulanso modula mu Januwale ndi ndalama ya ganyu, munda wawo ukudyedwa ndi udzu.

Kachiwiri, gulani feteleza wokulitsa ndi wobereketsa ndalama ikadali m'manja. Osadikira makuponi, poti si onse amene maina awo amatuluka. Kusunga ndalama m'chikwama nakonso kulibe phindu: mu Novembala 2023 kwacha inagwa mphamvu ndi 44 peresenti, mitengo n'kukwera nthawi yomweyo. Fetelezayo muike pa matabwa, pouma, osatsamiritsa kukhoma, ndipo musamasule thumba, makamaka la yuliya lomwe limakoka chinyontho.

Zotsalazo mugawe pa miyezi: ya sukulu, ya matenda, ya pakhomo. Gawo lina kasungeni ku banki mkhonde. Mukabwereka kumeneko, ikhale ya mbewu ya kudimba kapena geni, osati ya ndiwo, ndipo kwa akatapila musapondeko.