Mmene ndinathetsera vuto la tulo ku fakitale ku Poland

Kwa anzanga a ku Chipata amene mukuganiza zobwera kuno kudzaphunzira n'kumagwirako ganyu: mdani wamkulu ndi tulo, chisanu chimabwera pambuyo.

Ndimalongedza katundu m'makatoni pa fakitale ina pafupi ndi Poznań. Shifiti yausiku imayamba 22 koloko n'kutha 6 koloko m'mawa. Ndikaweruka ndinkapita m'kalasi maso ali psuu, aphunzitsi akulankhula ine mutu uli gwa pa desiki. Khofi sankathandiza, ankangondichititsa kunjenjemera manja.

Ndinapita kwa kapitawo ndi ndandanda ya makalasi anga, n'kupempha kuti usiku ndizigwira Lachisanu ndi Loweruka basi, masiku ena masana. Anavomera msanga, poti eni dziko ambiri safuna kugwira kumapeto kwa sabata. Ndalama zinatsikako, koma bola.

Kenako kuwala. Mu June kuno kumacha isanakwane 5 koloko, ndipo dzuwa limalowa cha m'ma 21 koloko. Ndinakhoma bulangete lakuda pawindo, khofi ndimalekeza pakati pausiku.

Chovuta chinali amayi. Iwo akadzuka ku Kapata amaimba pa WhatsApp nthawi yomweyo, ine nditangogona kumene. Kuwauza kuti “musamaimbe” n'kosatheka, mukuwadziwa azimayi athu. Ndinati, “Amayi, Lamlungu mukabwera ku tchalitchi ndizikuimbirani ndine, tizicheza mpaka mutatopa.” Ndinawakumbutsanso kuti nyengo yozizira kuno timakhala kumbuyo ndi ola limodzi. Tsopano amangotumiza mawu ojambula, nthawi zambiri ofunsa ngati ndadya nsima.