Momwe mungachitire kafukufuku wanuwanu wa fizikisi muli pa tchuthi kuno ku Kasungu

Ophunzira fizikisi ambiri ku UNIMA ku Zomba kapena ku Mzuni amadikira chaka chomaliza kuti agwire pulojekiti, ndipo nthawiyo ikakwana amangopupuluma. Palibe chifukwa chodikira. Tchuthi chimodzi pakhomo pa makolo chimakwana kuchita kafukufuku wamng'ono, bola pakhale mphunzitsi wokuongolerani. William Kamkwamba wa ku Wimbe anapanga makina a mphepo otulutsa magetsi ali ndi zaka 14, pogwiritsa ntchito zitsulo za njinga ndi mabuku a ku laibulale. Inu muli ndi mwayi womwe iye analibe nthawi imeneyo: aphunzitsi a ku yunivesite ndi luso loyeza zinthu mwandondomeko.

1. Sankhani funso laling'ono loti liyezedwe

Apa ndi pomwe ambiri amagwera. Mutu wonga "Mphamvu ya dzuwa m'Malawi" si funso, ndi nyanja. Funso ndi ili: kodi fumbi la mu Seputembala ndi Okutobala limachepetsa bwanji magetsi a sola yomwe ili pa denga la pakhomo pathu? Kapena ili: chitetezo mbaula ndi mafuwa atatu, n'chiti chimadya nkhuni zochepa powiritsa malita awiri a madzi? Ngati simungathe kutchula chomwe mudzayeze ndi chipangizo choyezera, funsolo silinapse.

2. Pezani wokuongolerani musanachoke pasukulu

Safunsa anadya phula. Pitani kwa mphunzitsi amene phunziro lake likukhudzana ndi funso lanu, mutanyamula tsamba limodzi lokha: funso, zipangizo, masabata omwe mudzagwire ntchitoyo. Musangofika n'kunena kuti "a Dokotala, ndipatseni mutu." Nenani kuti, "A Dokotala, ndikufuna kuyeza fumbi pa sola kwathu ku Kasungu kwa masabata asanu ndi limodzi. Kodi mungamandionereko zotsatira kamodzi pa masabata awiri?" Anthuwa amatanganidwa, koma pempho lomveka chonchi salikana kawirikawiri. Gwirizanani ngati muzilumikizana pa WhatsApp kapena pa imelo, ndipo tsiku lomwe mwapangana muzitumiza, ngakhale zotsatirazo zikhale zosasangalatsa.

3. Konzani muyeso wake

Titenge za sola zija. Pezani masola awiri ofanana, ang'onoang'ono a ma watt 20 amakwana, ndi multimeter imodzi, chipangizo choyezera magetsi. Aikeni moyandikana, atapendekeka mofanana, kuyang'ana kumpoto chifukwa Kasungu ali pafupifupi madigiri 13 kummwera kwa equator. Tsiku loyamba pukutani onse awiri n'kuyeza. Masola awiri a mtundu umodzi satulutsa magetsi ofanana ndendende, ndiye kusiyana kumeneku mukudziwe fumbi lisanagwe. Kuyambira pamenepo, imodzi muzipukuta m'mawa uliwonse, inayo osaikhudza.

Muziyeza ma amp, sola itachotsedwa ku batire. Ma amp ndi amene amatsika kapena kukwera molingana ndi kuwala. Ma volt sasintha kwambiri, ndiye akhoza kukunamizani kuti fumbi silikuchita kanthu. Yezani nthawi imodzimodzi tsiku lililonse. Kuno mu Okutobala dzuwa limafika paliwombo cha m'ma 11:30, osati 12 koloko. Muyeso uliwonse muubwereze katatu, ndipo pakati pa sola yoyamba ndi yachiwiri pasadutse mphindi imodzi, kuopera kamtambo kodutsa. Lembaninso ngati solayo yatentha kwambiri: manambala olembedwa kumbuyo kwake anayezedwa pa madigiri 25, pamene pa malata masana imatentha kuposa apo ndipo mphamvu yake imatsika.

Chenjezo limodzi lochokera kwa ine mwini. Ndili wophunzira ndinabwereka multimeter kwa bambo wina wokonza mawailesi. Nditayeza ma amp, ndinaiwala kuchotsa waya wofiira pa bowo la 10A loyezera ma amp, n'kukagunditsa pa batire. Kunangomveka "thi!", fyuzi yapsa. Ndinakhala masiku anayi osayeza, kuphatikiza manyazi pokabweza katundu wa eni. Mukamaliza kuyeza ma amp, bwezani wayayo pa bowo la ma volt nthawi yomweyo.

Ngati mwasankha za mbaula, mufunika sikelo yoyezera nkhuni ndi thermometer. Kumbukirani kuti kilogalamu imodzi ya madzi imafuna ma joule pafupifupi 4,200 kuti itenthe ndi digiri imodzi, komanso kuti Kasungu ali pamtunda wopitirira mamita 1,000, kotero madzi amawira asanafike madigiri 100. Thermometer yanu sinafe ayi.

4. Lembani zonse m'kope limodzi

Kope lachikuto cholimba, ndi cholembera cha inki. Tsiku, nthawi, manambala, mmene kumwamba kunalili, ngakhale zoti aneba amatentha tchire kapena mwana anagwira sola yafumbi ija. Nambala yooneka yolakwika musafufute, ingoikani kamzere n'kulemba chifukwa. Madzulo jambulani tsambalo pa foni. Makope amasowa, mbuzi zimadyanso.

5. Jambulani gilafu msanga

Musadikire mapeto. Sabata iliyonse gawani ma amp a sola yafumbi ndi a yopukutidwa, muike pa gilafu mu Excel kapena pa pepala, mutumize kwa wokuongolerani pa tsiku lomwe munapangana. Ngati pali cholakwika, adzachiona nthawi ikadalipo.

6. Lembani lipoti

Masamba asanu kapena asanu ndi limodzi akukwana: funso, njira, zotsatira, ndi zomwe zikanatha kusokoneza muyeso. Gawo lomalizali musalibise, ndi lomwe aphunzitsi amawerenga mwachidwi. Mukabwerera kusukulu pemphani mphindi khumi kuti mufotokozere anzanu a m'kalasi.

Za sola zija, yesetsani kumaliza kuyeza Novembala asanafike pakati. Mvula yoyamba ikagwa imatsuka masola onse awiri, ndipo mudzayenera kudikira chilimwe china.