Kasungidwe ka zithunzi ndi zikalata zakale kuno ku Zomba

Amene muli ndi zithunzi zakale za makolo anu, makalata kapena ziphaso za sukulu za m'nthawi ya atsamunda, musazisiye m'sutikesi pansi pa bedi, chifukwa chinyezi cha kuno kumunsi kwa phiri la Zomba, makamaka kuyambira Disembala mpaka Malichi, chimamatanitsa zithunzi n'kuzichititsa nkhungu, ndipo chiswe chikalowamo chimangosiya dothi lokhalokha. Ziikeni m'maenivelopu a pepala, chilichonse pachokha, pamalo okwera komanso ouma. Musazimatitse pulasitiki ya lamineshoni, pakuti kutentha kwa makinawo kumaononga chithunzi, ndipo pulasitikiyo simatukanso.

Chofunika koposa n'kukhala pansi ndi agogo akadali moyo, kuwafunsa mayina a anthu amene ali pachithunzipo, malo ndi chaka, kenaka n'kulemba kuseri kwake ndi pensulo, popeza inki ya bolopeni imalowerera papepala. Ine ndili ndi chithunzi cha ukwati chokhala ndi anthu asanu ndi awiri, koma pamtundu pathu palibenso amene angawatchule mayina.

Za kasungidwe ka zikalata zokhudza mbiri ya mudzi kapena mpingo mungakafunse ku National Archives of Malawi, ofesi ya boma yosunga zikalata zakale, yomwe yakhala mumzinda muno kuyambira 1947.